Okonzeka Kuyenda, Okonzeka Kuima: Mawu kwa Akhristu a ku Kapelula

Abale ndi alongo, mwasiya ntchito m'zigafa kuti tikhale pamodzi kuno ku Kapelula. Ino ndi nyengo imene tsiku limodzi lotayika limakaonekera pa belo, choncho sindizungulira.

Mutu umene mwandipatsa uli m'kalata ya Paulo kwa Aefeso, chaputala 6, pamene akutchula zida za msilikali wa Mulungu. Alaliki ambiri timathamangira chishango ndi lupanga, poti zimamveka bwino paguwa. Ine ndikufuna titsike pansi, pa vesi 15, pamene pakunenedwa za nsapato. Paulo analemba kalatayi ali m'ndende, ndipo asilikali a Roma ankawaona tsiku ndi tsiku. Nsapato zawo zinali za chikopa cholimba, kunsi kwake atakhomako timisomali tachitsulo. Timisomalito tinkachititsa kuti nsapato isathe msanga pa ulendo wautali, komanso kuti msilikali asaterereke mdani akamukankha. Nsapato yoyendera inali yomweyonso yoimira. Paulo akuti nsapato ya mkhristu ndiyo kukonzeka kumene Uthenga Wabwino wa mtendere umapereka. Ife tinagawa ntchitoyi pawiri: kufalitsa uthenga tinasiyira alaliki ndi masiku a chitsitsimutso, kuima nji tinasungira tsiku la chizunzo limene timaliyesa lakutali. Ndabwera kudzanena kuti ntchitoyi ndi imodzi, ndipo kuno kwathu imayesedwa pa sikelo, pa malipiro a wantchito ndi pa maliro, munthu asanakwere n'komwe paguwa.

Tikumbuke kaye m'mene uthenga unafikira kuno. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875. Anatha zaka zoposa zisanu akuika anzawo m'manda chifukwa cha malungo, osabatiza munthu ndi mmodzi yemwe. Woyamba anali Albert Namalambe, amene Dr Robert Laws anamubatiza mu Malichi 1881. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo ntchito ya ku Cape Maclear inatsala m'manja mwa Namalambe. Taganizani, abale: munthu wongobatizidwa kumene, wopanda sinodi, wopanda presibitale, Baibulo lathunthu m'chiyankhulo chake kulibe, koma sukulu ndi mapemphero zamuyang'ana iye. Sananene kuti adikire atumizidwe kaye ku maphunziro. Chochepa chimene ankadziwa anachigwiritsitsa, nachipereka kwa ena.

Munthu amene amandikhudza mtima kwambiri ndi William Koyi, Mxhosa wa ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera mu 1876. Chiyankhulo chake chinkamvana ndi cha Angoni, ndiye anakakhala ku Njuyu, pafupi ndi phiri la Hora, pakati pa anthu a Inkosi M'mbelwa. Kwa zaka ndithu mafumu ankakana sukulu. Wina akadati pano palibe ntchito, n'kumanga katundu. Koyi anakhala. Ankacheza ndi madoda pabwalo, ankamasulira, ankapirira kukayikiridwa, tsiku lililonse ali wokonzeka kuyankha womufunsa. Chilolezo cha sukulu chinabwera mu 1886, chaka chimene iye anamwalira. Patapita zaka 12, mu 1898, anthu zikwizikwi anasonkhana ku Ekwendeni pa msonkhano waukulu wa Mgonero m'nthawi ya Donald Fraser. Koyi sanaone khamulo. Kuima kwake pamalo pouma ndiko kunali kulalikira kwake, ndipo ndikamamva mnyamata akuti walalikira miyezi itatu kumudzi kwakutikwakuti koma anthu ake ndi ouma mtima, ndimafuna kumukhazika pansi ndi kumuuza za munthu ameneyu.

Kuchokera kumpoto komweko, Dr George Prentice anadzakhazikika ku Kasungu cha m'ma 1900. Kum'mwera a Dutch Reformed anali atayamba ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1920 ntchito ya ku Kasungu inaperekedwa kwa iwo. Mu 1924 Hanock Msokera Phiri, malume awo a Kamuzu Banda, anabwerera kuchokera ku South Africa nayambitsa mpingo wa AME kuno ku Kasungu. Koma amene anafika m'midzi ya pakati pa Bua ndi Dwangwa anali aphunzitsi a sukulu za m'midzi, oyenda pansi, atanyamula sileti ndi kachigawo ka Malembo, ogona m'nyumba za eni, odya zimene apatsidwa. Buku Lopatulika lathunthu, limene William Murray ndi anzake anavutika nalo zaka zambiri, linatuluka mu 1922. Agogo athu ena anakhulupirira, nabatizidwa, naphunzitsa ena asanaligwirepo m'manja. Ife lero tili nalo, tili ndi Buku Loyera la 1998, ena tili nawo onse awiri m'foni. Tilibe chowiringula.

Tsono kukonzeka n'kutani? Inu alimi a fodya simusowa wokuuzani. Nazale mumafesa mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Mumatunga madzi kudambo m'mawa ndi madzulo, kuthirira timbewu timene ndi maso sitioneka bwino. Mvula yowokera ikagwa mu Novembala kapena Disembala, palibe nthawi yofesa. Amene mbande zake zakhwima amawokera tsiku lomwelo, amene anagona amayendayenda kupempha zotsala kwa anzake. Moyo wauzimu umayenda chimodzimodzi. Tsiku la funso ndi tsiku la yesero sizitumiza uthenga kuti zikubwera. Zimene mudzayankhe, ndi pamene mudzaime, zikukonzedwa tsopano, m'masiku opanda chochitika, pamene mukutsegula Baibulo ana asanagone, pamene mukupemphera musanapite kumunda, pamene mukupita ku mapemphero a pakati pa sabata ngakhale thupi latopa.

Ndifunse mwachindunji. Mnzanu atakufunsani mukusoka fodya kuti, kodi inu amayi, Yesu ameneyu anakuchitirani chiyani, mungayankhe m'mawu anuanu? Sindikunena mawu oloweza a m'kalasi, ngakhale kuti katekisma ndi chuma chimene sindilola wina achinyoze. Ndikunena kutha kufotokoza kuti Mulungu anatipanga, tinamupandukira, Mwana wake anafa m'malo mwathu nauka kwa akufa, ndipo aliyense wolapa ndi kumukhulupirira amakhululukidwa, kenaka n'kuwonjezera chimene zimenezi zasintha m'nyumba mwanu. Ambiri tikafunsidwa timati mubwere Lamulungu mudzamve kwa abusa. Abusa athu ali ndi midzi yambiri, ena nyumba zopemphereramo zingapo, ndipo njinga yamoto ndi imodzi. Funso limabwera pamene iwo kulibe: pasiwa usiku, moto utazilala, wamasiye akulira kuti Mulungu wandichitiranji zimenezi, pakhonde la chipatala podikira wodwala, pamjigo, pa lole yopita ku okushoni ku Chinkhoma. Filipo, m'buku la Machitidwe chaputala 8, anapeza nduna ya ku Etiopiya ikuwerenga Yesaya pagaleta m'chipululu. Sanathamangire ku Yerusalemu kukaitana Petro. Anayambira pa lemba limene munthuyo anali nalo m'manja. Anatha kutero chifukwa Yesaya anali atamuwerenga kale.

Petro, m'kalata yake yoyamba, chaputala 3 vesi 15, akutiuza kuti tikhale okonzeka kuyankha wotifunsa za chiyembekezo chathu. Mawuwa ali ndi mbali imene timailumpha. Petro akuyembekezera kuti anthu adzafunsa. Nanga munthu amafunsa liti? Amafunsa akaona chachilendo. Ngati moyo wathu ukufanana ndendende ndi wa wina aliyense, palibe adzatifunse kanthu, ndipo mavesi onse amene taloweza adzangokhala m'mutu. Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, ngakhale ndikudziwa kuti ena mawuwa awalasa.

Dera lathu lino linakula ndi fodya, ndipo fodyayo sanalimidwe ndi manja a eni minda okha. Kwa zaka zambiri mabanja akhala akubwera kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, ku Machinga ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito m'maesiteti ndi m'minda ya anthu wamba, makamaka chiyambire m'ma 1990 pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale. Anthu amenewa ndiwo mpingo woyamba umene Mulungu anatibweretsera pakhomo. Sitinawalipirire basi kuti tikawalalikire, anabwera okha. Ndipo asanamve ulaliki wathu uliwonse amawerenga kabuku kena: kabuku ka ngongole, kamene timalembamo chimanga, mchere, sopo, feteleza ndi ndalama ya kuchipatala. Pakutha pa chaka, fodya atagulitsidwa, bwana amakhala pansi ndi kuchotsera, ndipo kangati munthu wagwira ntchito miyezi khumi, iye, mkazi wake ndi ana, n'kuuzidwa kuti watsala ndi ngongole? Kangati thumba la chimanga lalembedwa pamtengo woposa umene linagulidwa? Ngati wochita zimenezi ndi mkulu wa mpingo, amene Lamulungu amanyamula mbale ya Mgonero, kodi wantchito uja tidzamuuza chiyani za Mulungu wachilungamo? Tamudyera masuku pamutu, kenaka tikumuitanira ku chitsitsimutso.

Yakobo, m'chaputala 5, akunena poyera kuti malipiro obisidwa a okolola amafuula, ndipo Mulungu amamva. Chilamulo cha Mose chinaletsa kugoneka malipiro a waganyu wosauka ndi kusunga miyeso iwiri. Izi si ndale, ndi Malembo. Dziko lakunja nalo linaona zimene ife tinazolowera: mu Novembala 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti. Zimandipweteka kuti zinatengera ogula akutali ndi aphungu kuti atikumbutse zimene zili m'buku limene timanyamula m'khwapa sabata iliyonse. Ndipo lamulo likasintha papepala mtima osasintha, dzina lokha ndi limene limachoka, khalidwe limatsala.

Ndikudziwa yankho lanu, ndipo sindikulipeputsa. Mudzati nafenso tikufinyidwa: feteleza wakwera, kampani ya kontirakiti idula zake ndalama isanafike kubanki, mabelo amabwezedwa ku okushoni, mtengo amatchula ndi ogula. N'zoona. Ndi chifukwa chake ndikuti apa ndiye pabwalo la nkhondo. Kuima nji n'kosavuta chaka chimene msika wayenda bwino. Chaka chimene waluza, ndipo m'mutu mukubwera ganizo loti wantchito ndiye asenze kuluzako poti sadziwa kuwerenga, pamenepo ndi pamene nsapato ija imayesedwa ngati ili ndi misomali. N'chimodzimodzi pa jeke, pamene dzanja likufuna kulowetsa fodya wachabe pakati pa belo, wabwino n'kumuyala pamwamba. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana amene akukuthandizani kudinda belo limenelo akuona, ndipo akuphunzira kuti chikhristu cha bambo chimathera pakhomo la tchalitchi. Koma mlimi amene, chaka cha mavuto, awerengera wantchito wake molunjika, n'kumupatsa zake zonse ngakhale iye atsale ndi zochepa, adzafunsidwa. Wantchitoyo adzafuna kudziwa chimene chamuchititsa. Khomo la uthenga latseguka pamenepo, ndipo walitsegula ndi chilungamo.

Inunso amene muli antchito m'minda ya ena, mawuwa ndi anu. Kugulitsa masamba kwa mavenda usiku, kapena kupatutsa feteleza wa bwana, kumatseka pakamwa panu monga momwe chinyengo chimatsekera pakamwa pake. Ndipo musadziyese alendo mu mpingo uno. Ena mwa inu munabwera ndi chikhulupiriro cholimba kuposa chathu, tiphunzitseni.

Chaka chathu chili ndi mayesero awiri, ndipo onse timawadziwa masiku ake. Loyamba ndi la Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapuma. Amene munalipo mu 2002 simuiwala: anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi, antchito ochotsedwa m'maesiteti akuyenda m'misewu ndi ana kumsana, maliro osawerengeka. William Kamkwamba wa kwa Wimbe kuno ku Kasungu anaifotokoza njala imeneyo m'buku lake, ndipo anthu a maiko akutali anawerenga. M'nyengo zotere mantha amalamulira. Wina amapita kukatsirika munda, wina amamangira mwana chithumwa m'chiuno kuseri kwa malaya a Sande sukulu. Choopsa kwambiri n'chakuti mantha amafuna munthu womuloza chala. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, kapena mvula ikadula, manong'onong'o amagwera gogo wina wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Lamulo la dziko lino, kuyambira 1911, limaletsa kunenera munthu ufiti, koma khamu likapsa mtima silikumbuka lamulo. Mkhristu wokonzeka ndi amene pa ola limenelo amaima pakhomo pa gogoyo n'kunena kuti ayi, pano simudutsa. Mawu amenewo satuluka mwa munthu amene sanakhazikitse mumtima mwake, kalekale, kuti Yesu ndi wamkulu kuposa chilichonse chimene timachiopa usiku.

Yesero lachiwiri limayamba mu Epulo, msika ukatsegulidwa, ndipo ambiri amene anapirira njala amagwa apa. Ndalama zikangolowa, bambo amene anali kuimba kwaya mu Febuluwale amasowa sabata ziwiri. Mabala a pa malo ogulitsira malonda amadzaza, maukwati amagwedezeka, mitala imayambika, fizi ya ana imathera m'mabotolo, ndipo matenda amalowa m'nyumba. Amayi amene anathirira nazale, kupalira, kusoka mpaka zala kuchita matuza, amamva kwa anthu kuti mabelo anagulidwa. Abambo anzanga, ulaliki wanu woyamba chaka chino ukhale kubwera kunyumba tsiku lomwelo ndi kapepala ka malonda, n'kukaika m'manja mwa akazi anu.

Pali nthawi zina pamene kuima kumafika pamaso pa olamulira. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse lino. Inanena za malipiro ochepa a antchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za sukulu ndi zipatala, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, kalatayo inaletsedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Koma pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti ya referendamu. Timakumbukira Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake, ndipo n'koyenera. Tikumbukirenso amene anaimirira kutsogolo kwa mipingo yawo m'mawa umenewo n'kuwerenga mokweza, akudziwa kuti pabenchi pali makutu a boma. Zaka za m'mbuyo mwake, a Mboni za Yehova, oletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, anamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Sinda Misale ku Zambia. Pa chiphunzitso timasiyana nawo kwambiri, koma ndani angakane kuti iwo anali atadziwiratu pamene adzaime tsikulo lisanafike? Anzake a Danieli atatu aja sanakhale pansi kukambirana ng'anjo itayaka. Anali atayamba kukana zazing'ono pa chakudya cha mfumu, zaka zambiri m'mbuyomo.

Komabe chenjerani, chifukwa kuima nji si ukali. Petro yemweyo akuti yankho lathu lituluke mofatsa ndi mwaulemu, ndipo Paulo akuutchula uthengawu kuti ndi wa mtendere. M'midzi mwathu muli abale athu a kudambwe: amalume, achimwene, ena mafumu amene timawagwadira. Pakati pa antchito athu muli Asilamu. Ndaona achinyamata achangu akuima ndi chimkuzamawu pafupi ndi maliro a gule n'kumanyoza, n'kumaganiza kuti akuzunzidwa chifukwa cha Khristu pamene athamangitsidwa. Ayi, ana anga, pamenepo mwazunzidwa chifukwa cha mwano. Mungathe kukana kulowa m'zimene chikumbumtima chanu chikukana, n'kukhalabe woyamba kufika ndi nkhuni ndi ufa pasiwa pa malume anu. Munthu amene mwamunyoza pagulu sadzabwera kwa inu usiku mwana wake akadwala. Amene mwamulemekeza adzabwera, ndipo adzakupemphani kuti mupemphere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koyi anadekha zaka zambiri pakati pa anthu a mikondo, ndipo sanatukwane mwambo wa munthu kuti atsegule sukulu.

Chinanso: Paulo sanalembere msilikali mmodzi. Analembera mpingo, ndipo asilikali a Roma ankaima moyandikana, chishango kukhudza chishango. Amene amagwa mu Epulo kawirikawiri amakhala atayamba kale kuyenda yekha. Amayi a Chigwirizano anatitsogolera pa ichi: amayenderana, amadziwa nyumba imene mulibe ufa, amadziwa amene wasiya kubwera. Abambo tatsalira. Bambo aliyense muno akhale ndi mnzake mmodzi amene ali ndi ufulu womufunsa mafunso ovuta, za ndalama, za mowa, za banja, popanda kukwiyirana. Achinyamata amene mukupita ku Lilongwe kapena ku Joni kukafuna ntchito, musadikire kuti mpingo ukupezeni. Sabata yoyamba funani abale opemphera nawo, chifukwa kumeneko palibe agogo okuyang'anirani.

Ndili ndi pempho kwa akulu a mpingo, ndipo ndikufuna likambidwe pa bwalo lanu msika usanatsegulidwe. M'dera la mkulu aliyense muli mabanja ogwira ntchito m'minda ya akhristu athu. Muwayendere awiriawiri, muwadziwe mayina, mudziwe kwawo, mufunse ngati ana awo ali pasukulu kapena m'chigafa, muwerenge nawo Mawu ngati alola. Ndipo tsiku lowerengera likafika, mkhristu aliyense amene ali ndi antchito aitane mkulu mmodzi akhalepo ngati mboni. Kabuku ka ngongole kawerengedwe mokweza, mzere ndi mzere, pamodzi ndi kapepala ka ku okushoni, mkazi wa wantchitoyo ali pomwepo. Kumene wantchito sadziwa kuwerenga, asankhe yekha mnyamata kapena mtsikana wa mu mpingo amene akumukhulupirira kuti amuwerengere. Ine ndiyamba ndi a kumunda kwanga, ndipo ndapempha kale akulu awiri kuti adzakhalepo.